Timutenge Kapena Timusiye? Za Mwana Wamng'ono pa Ulendo Wautali



Aliyense amene adaperekezapo mlendo ku Wenela mu Blantyre, tsiku limene basi ya ku Joni ikunyamuka, adaonapo zimene tikufuna kukambirana lero. Katundu wapakiridwa kale, injini ikulira, kondakitala akuitana anthu. Pakhomo la basi paima mayi wachitsikana atabereka mwana wa chaka chimodzi ndi theka, ndipo pambali pake paima agogo a mwanayo. Masiku ena mayiyo amamasula chitenje, n'kupereka mwana kwa agogo, n'kukwera basi osacheuka chifukwa cha misozi. Masiku ena amakwera naye limodzi, ndipo amene amatsala akupukuta misozi ndi agogo.

Tikabwerera kunyumba, timayamba kuweruza. Amene wasiya mwana timati mtima wake ndi wouma, wakonda ndalama. Amene wamutenga timati ndi wosamva, akukazunzitsa mwana kuchilendo. Ndiye kuti mayiyu, achite ichi kapena icho, kwa ife walakwa basi. Tisanamuweruze, tiyeni tiime pamalo pakepo, tifunse funso limene iye wakhala akulimbana nalo usiku wonse: pamene kholo likusamukira kudziko lina, kodi chilungamo kwa mwana wongophunzira kuyenda ndi kuyankhula n'chiti? Funsoli n'lolemera chifukwa mwini nkhani sangatiyankhe. Mkulu akamasamuka amasankha yekha. Mwana amangonyamulidwa kapena kusiyidwa.

Ulendowu sunayambe lero

A Malawi tidayamba kalekale kupita kunja kukafuna ntchito. Dzina la Wenela lomwelo lidachokera ku bungwe limene linkalemba amuna athu ntchito za m'migodi ya ku South Africa. Mu Epulo 1974 ndege imene inkabwera ndi anthu a m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo a Malawi 74 adafa. Zitatero Dr. Kamuzu Banda adaimitsa kulemba anthu ntchitozo. Ena mwa amene adapita ku Joni ndi ku Halale sadabwererenso, ndipo tidawapatsa dzina loti matchona. Ambiri a ife tidakula tikumva za malume kapena agogo aamuna amene timangowadziwira pa chithunzi.

Koma masiku amenewo wochoka anali bambo, ndipo mwana ankatsala pamsana pa mayi wake. Chimene chasintha n'chakuti tsopano amayi nawonso akupita. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 anamwino athu ambiri adapita ku Britain, mpaka mu 2005 boma, mothandizidwa ndi Britain yemweyo, lidawonjezera malipiro a ogwira ntchito zaumoyo ndi 52 peresenti pofuna kuti asamachoke. Atsikana athu ena ali ku Johannesburg, Durban ndi Cape Town kumene akugwira ntchito za m'nyumba. Ena adapita kukaphunzira, ena adatsatira amuna awo. Pamene wochokayo ndi mayi, funso la mwana silingazembedwe.

Njira yake ndi yotani?

Tiyambe ndi msewu weniweniwo, chifukwa ena timaweruza osaudziwa. Kuchokera ku Blantyre kukafika ku Johannesburg ndi makilomita oposa 1,700. Basi imatuluka pa Mwanza n'kulowa Mozambique pa Zobue, imawoloka Zambezi ku Tete kumene kumatentha koopsa, imalowa Zimbabwe pa Nyamapanda, imadutsa Harare, kenaka n'kufika pa Beitbridge. Pa malire alionse anthu amatsika n'kuima pamzere, nthawi zina pakati pa usiku. Ulendowu umaposa usana ndi usiku, ndipo pa malire pakachuluka anthu umatha masiku awiri. Mwana amene wangophunzira kuyenda safuna kukhala pamiyendo ngakhale kwa ola limodzi. Ndiye taganizirani maola 30, matewera opanda posinthira, ndi phala limene lazizira.

Chimene chimaopsa kwambiri panjira yotere ndi kutha kwa madzi m'thupi. Kathupi ka mwana n'kakang'ono, ndipo kutentha kukaphatikizana ndi kutsekula m'mimba amafooka msanga kuposa munthu wamkulu. N'chifukwa chake mayi wanzeru sanyamuka popanda madzi aukhondo ndi mapaketi a Thanzi, ndipo ngati mwana akuyamwabe, samuletsa bere ulendo utayandikira. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuyamwitsa mpaka zaka 2 kapena kupitirira, ndipo paulendo bere ndi chakudya, ndi madzi, komanso ndi chitonthozo.

Wa pandege naye ali ndi zake. Opita ku London ambiri amasinthira ndege ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo kuchokera ku Addis Ababa kokha ndi maola pafupifupi 8 ali m'mwamba. Mwana wosakwana zaka 2 nthawi zambiri amakhala pamiyendo pa kholo, koma akakwanitsa zaka 2 amafunika mpando wakewake ndipo mtengo wa tikiti umakwera. Ndege ikamatsika, mpweya umasintha mphamvu ndipo timakutu ta mwana timapweteka, chifukwa njira yolumikiza khutu ndi kummero ndi yopapatiza mwa ana. Kuyamwa kapena kumwa kanthu nthawi imeneyo kumathandiza, pakuti kumeza kumatsekula njirayo.

Pali chizolowezi china chimene tiyenera kuchitchula poyera. Ena amamwetsa mwana mankhwala ogonetsa kuti asavutitse panjira. Mankhwala otere akhoza kuvulaza mwana wamng'ono, ndipo sayenera kuperekedwa popanda uphungu wa dokotala. Tidzifunsenso kuti tikumugonetsa pofuna kuthandiza ndani. Nthawi zambiri timachita manyazi ndi maso a anthu anzathu m'basimo. Mwana wolira pa ulendo wa masiku awiri sakulakwa chilichonse. Akunena zoona zimene akuluakulu onse m'basimo akuzimva koma akuzibisa.

Komabe tinene mosabisa: kuvuta kwa njira pakokha si chifukwa chokwanira chosiyira mwana. Ulendo umatha. Mwana amene walira kuyambira ku Tete mpaka ku Beitbridge ali pachifuwa pa mayi wake, pakapita masiku atatu amakhala akusewera. Funso lalikulu lili pa zaka zimene zikubwera pambuyo pa ulendowo.

"Ndi wamng'ono, sadzakumbukira"

Awa ndi mawu amene timatonthoza nawo mayi amene akusiya mwana. Muli choonadi pang'ono, chifukwa anthu ambiri sitikumbukira zimene zidatichitikira tisanakwanitse zaka 3. Koma kusakumbukira n'kosiyana ndi kusamva. M'mera mpoyamba, ndipo mtengo sukumbukira mphepo imene idaupinda uli waung'ono, koma umakula uli wopindika.

Ku Britain kudali munthu wina dzina lake James Robertson, amene ankagwira ntchito ndi dokotala John Bowlby. Masiku amenewo mwana akagonekedwa m'chipatala, makolo ankaloledwa kumuona mwa apo ndi apo. Mu 1952 Robertson adajambula kanema wa kamtsikana ka zaka 2 kamene kadakhala m'chipatala masiku 8 popanda mayi wake. Iye ndi Bowlby adaona kuti mwana wosiyidwa amadutsa m'magawo atatu. Poyamba amalira ndi kufunafuna. Kenaka amataya mtima n'kukhala duu. Pomaliza amaoneka ngati wazolowera, amaseka ndi aliyense, koma mayi wake akabwera amamuyang'ana ngati mlendo. Anthu ankaona mwana wachete uja n'kumati wakhazikika, chonsecho anali atangosiya kuyembekeza. Ntchito imeneyi idathandiza kusintha zinthu, ndipo mu 1959 lipoti la boma la Britain lidalimbikitsa kuti makolo aziloledwa kukhala ndi ana awo m'chipatala.

Ife amayi izi timazidziwa popanda kanema. Tidaonapo mayi atabwera kuchokera ku Joni ndi sutikesi yodzaza zovala ndi zidole, mwana wake n'kuthawira kuseri kwa agogo, n'kumamutchula kuti "anti". Mayiyo amaseka pamaso pa anthu, koma usiku amalira.

Nkhani ya Robertson ili ndi mbali yachiwiri imene sitiyenera kuiiwala. M'zaka za m'ma 1960, iye ndi mkazi wake Joyce adasunga m'nyumba mwawo ana aang'ono anayi, mmodzimmodzi, pamene amayi a anawo adali kuchipatala kukachira. Asanawatenge ankayamba adziwana nawo, ankatsatira zizolowezi za kwawo, ndipo ankawakumbutsa za amayi awo tsiku ndi tsiku. Ana amenewa adadandaula ndithu, koma sadasweke mtima ngati mwana amene adasiyidwa pamalo pamene omusamala ankangosinthanasinthana. Phunziro lake n'lakuti chimene chimavulaza kwambiri mwana ndi kusowa munthu mmodzi wokhazikika, womudziwa, amene sachoka.

Nzeru za kwathu ndi malire ake

Apa m'pamene mwambo wathu uli ndi mawu. Kwathu mwana si wa anthu awiri okha. Ali ndi mayi wamng'ono ndi mayi wamkulu, ali ndi malume amene ndi mwini mbumba, ali ndi agogo. Kale mwana akasiya kuyamwa ankakagona kwa agogo, ndipo palibe amene ankati watayidwa. Ambiri a ife tidaleredwa choncho, ndipo tidakula bwino. Choncho mayi amene wasiya mwana kwa agogo amene mwanayo amawadziwa chibadwire, amene akhala akumubereka ndi kumudyetsa, sanamusiye m'tchire. Tisamunyoze.

Koma tisadzinamize poyerekeza zinthu zosiyana. Kale nyumba ya agogo inali kuseri kwa nkhokwe, ndipo mwana akadzuka m'mawa ankaona mayi wake akusesa pabwalo. Lero pakati pawo pali malire a mayiko atatu kapena nyanja yamchere. Agogo a lero nawonso ambiri atopa. Ena adalera kale ana amasiye a nthawi ya Edzi, ena akudwala BP ndi shuga, ndipo mwana wa zaka 2 amafuna munthu wothamanga naye, womulondera ku moto ndi kuchitsime. Kodi agogowo tidawafunsa moona, kapena tidangowauza? Mayi wachikulire sakana mdzukulu pamaso pa mwana wake, ngakhale msana ukumupweteka. Nthawi zina ntchito yeniyeni yolera imagwera kamtsikana ka zaka 12 ka m'banjamo, kamene kamayamba kujomba kusukulu. Tikatero tapulumutsa tsogolo la mwana mmodzi pogulitsa la mnzake.

Palinso nkhani ya ndalama. Mwana wosiyidwa kumudzi nthawi zina amasanduka chikole. Abale amadziwa kuti malinga ngati mwanayo ali m'manja mwawo, ndalama zizibwera mwezi ndi mwezi, ndipo mayi akafuna kumutenga pamabuka zifukwa. Mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma si munda wako.

Nanga kumene akupitako?

Tsopano titembenukire kwa amene amati, "Zivute zitani, mwana apite ndi mayi wake." Ifenso mtima wathu umatsamira kumeneko. Koma kutenga mwana sikutanthauza kuti adzakhala nawe. Tiyerekeze mayi amene akugwira ntchito ya usiku m'nyumba yosamalira okalamba ku Manchester, kapena amene amagona kwa abwana ake ku Sandton n'kumatuluka Loweruka lokha. Mwana atsala ndi ndani? Kwathu umangoitana mnzako wa nyumba yoyandikana n'kumuuza kuti aone mwana. Kunja kusiya mwana kwa omusamala kumafuna ndalama zambiri, moti nthawi zina zimadya gawo lalikulu la malipiro. Ku England maola 15 aulere pa sabata amene mwana aliyense amalandira amayamba akakwanitsa zaka 3. Kusiya mwana wamng'ono yekha m'nyumba kukhoza kukhala mlandu, ndipo a boma akhoza kumutenga. Kumenya mwana, ngakhale kambama kamene kwathu timakaona ngati kulanga, kudaletsedwa ku Scotland mu 2020 ndi ku Wales mu 2022. Safunsa adadya phula: kholo lidziwe malamulo a kumene likupita lisananyamuke.

Thupi la mwana nalonso limasamuka. Ku London mu Disembala kumawala maola pafupifupi 8 okha, ndipo dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane. Popeza thupi limapanga vitamini D ndi kuwala kwa dzuwa, ndipo khungu lakuda limafuna dzuwa lochulukirapo, azaumoyo kumeneko amalangiza kuti ana a chaka 1 mpaka zaka 4 azipatsidwa mamaikulogalamu 10 a vitamini D tsiku lililonse kuti mafupa asafewe. Buku la kusikelo lipite nawo, kuti madokotala a kumeneko aone akatemera amene mwana adalandira ndi amene atsala, monga katemera wachiwiri wa chikuku amene kwathu amaperekedwa pa miyezi 15. Ndipo mwana wokulira kumene kulibe malungo sakhala ndi chitetezo chimene ana a kumudzi amachipeza pang'onopang'ono. Tsiku lobwera kudzaona agogo amafunika masikito ndi mankhwala oteteza, ndipo akatentha thupi, ngakhale atabwerera kale kunja, dokotala auzidwe kuti mwanayo anali ku Malawi.

Ku South Africa kuli mantha enanso. Mu Meyi 2008 anthu 62 adaphedwa pa ziwawa zolimbana ndi alendo, ndipo mu Epulo 2015 zidabukanso mpaka boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Mmalawi amaloledwa kulowa m'dzikomo popanda viza kwa masiku 30, ndipo amene wapitirira popanda chilolezo akhoza kugwidwa n'kutsekeredwa ku Lindela podikira kubwezedwa. Mayi wopanda mapepala akagwidwa pobwera kuntchito, mwana amene wamusiya kuchipinda cha lendi atsala ndi ndani? Mayi amene waganizira zimenezi n'kusankha kuti mwana ayambe watsala kwa agogo, wasankha chifukwa cha chikondi.

Pamene lamulo lasankhira kholo

Nthawi zina kholo silipatsidwa n'komwe mpata wosankha. Kuyambira Januwale 2024, ophunzira ambiri ochokera kunja saloledwa kubwera ndi mabanja awo ku Britain, kupatula a maphunziro apamwamba a kafukufuku ndi otumizidwa ndi boma. Kuyambira pa 11 Malichi 2024, olembedwa kumene ntchito yosamalira okalamba ndi odwala adaletsedwa kubwera ndi ana kapena amuna awo, ndipo mu Julayi 2025 njira yolembera antchito oterewa kuchokera kunja idatsekedwa. Sitingalephere kuona chosalungama apa. Dziko lolemera lidafuna manja a mayi kuti asambitse ndi kudyetsa okalamba ake, koma silidafune mwana amene manja omwewo amayenera kumusambitsa.

Pali msampha wina umene ambiri sauona. Mayi amachoka akunena kuti, "Chaka chimodzi chokha, ndikakhazikika ndidzamutenga." Koma malamulo a ku Britain nthawi zambiri amafuna kuti makolo onse awiri akhale kumeneko, kapena kuti kholo limodzilo lionetse umboni woti ndilo lakhala ndi udindo wonse pa mwanayo. Zaka zikachuluka mwana ali kwa agogo, umboniwo umavuta kupeza, ndipo akakwanitsa zaka 18 salowanso ngati mwana. Chaka chimodzi chija chimasanduka zaka khumi. Ngakhale wobadwira komweko satenga unzika chifukwa chongobadwirako: kuyambira 1983, mwana wobadwira ku Britain amakhala nzika pokhapokha kholo lake limodzi lili nzika kapena lili ndi chilolezo chokhazikika.

Tichenjerenso ndi njira yachidule yotumiza mwana ndi munthu wina amene walonjeza kukamuphunzitsa. Victoria Climbié, mwana wa ku Ivory Coast, adaperekedwa ndi makolo ake kwa mbale wawo kuti akapeze maphunziro ku Ulaya. Adamwalira ku London mu Febuluwale 2000 ali ndi zaka 8, atazunzidwa ndi mbaleyo ndi mwamuna amene ankakhala naye. Makolo ake ankamufunira zabwino. N'chifukwa cha zoopsa ngati izi kuti mayiko amafunsa zikalata za ana pa malire. Mu Juni 2015 South Africa idalamula kuti mwana aliyense wolowa kapena kutuluka akhale ndi satifiketi ya kubadwa yosonyeza makolo, ndi kalata ya chilolezo ya kholo limene palibe. Mu 2019 lamuloli adalifewetsa kwa ana a mayiko ena oyenda ndi makolo awo, komabe ndi nzeru kuyenda nazo. Zikalatazi zimatitopetsa, koma cholinga chake n'kuteteza mwana.

Ndiye chilungamo n'chiti?

Baibulo lenilenilo lili ndi nkhani za mbali zonse ziwiri. Yosefe ndi Mariya adanyamula mwana usiku kuthawira naye ku Ejipito, ulendo wautali wa m'chipululu. Hana adadikira kuti Samueli asiye kuyamwa, n'kukamusiya kwa Eli ku Silo, ndipo chaka ndi chaka ankamusokera kamwinjiro n'kukamupatsa yekha. Wina adatenga, wina adasiya, koma palibe amene adataya.

Maganizo athu ndi awa. Mwana wa msinkhu uwu kwawo ndi pamene pali munthu amene amamudalira. Sadziwa kuti Malawi n'chiyani kapena England n'chiyani, amadziwa fungo la chitenje ndi mawu a womugoneka. Choncho poyambira pathu pakhale poti mwana apite ndi kholo lake, ndipo amene akufuna kumusiya ndiye akhale ndi chifukwa chomveka. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, limanenanso kuti mwana asalekanitsidwe ndi makolo ake pokhapokha zitakhala zomukomera iye mwini. Zifukwa zomveka zilipo: kusowa mapepala, kusowa pogona pabwino, kusowa womusamala nthawi ya ntchito, kapena lamulo loletsa. Koma "adzandichedwetsa", kapena "mwamuna watsopanoyu safuna mwana wa wina", si zifukwa zokomera mwana.

Tisaiwale funso limene limabwera patsogolo pa onsewa: kodi ulendowu ndi wofunika chaka chino? Nthawi zina njala ndi ngongole siziyembekeza, ndipo mwayi ukapita subwerera. Koma nthawi zina kudikira chaka chimodzi, kuti mwana ayambe kuyankhula ndi kumvetsa mawu oti "ndidzabwera", kumasintha zambiri. Ndipo abambo asakhale alendo pa nkhaniyi. Mayi akapita kunja, bambo ali moyo ndipo ali pakhomo, n'chifukwa chiyani timathamangira kutumiza mwana kumudzi ngati wamasiye? Bambo naye akhoza kuphika phala ndi kupita kusikelo.

Amene wasiya mwana ali ndi ngongole zitatu kwa iye. Yoyamba ndi kumukonzekeretsa: wodzamusamalayo akhale nawo pakhomo milungu ingapo mayi asanachoke, kuti mwana asataye mayi ndi nyumba tsiku limodzi. Yachiwiri ndi kunena zoona. Tili ndi chizolowezi chozemba mwana ali mtulo, kapena kumunamiza kuti tikupita kumsika. Timati tikumupeputsira, koma tikudzipeputsira tokha. Mwana wozembedwa amaphunzira kuti munthu akhoza kungosowa nthawi iliyonse, ndipo amayamba kuopa tulo ndi kukakamira aliyense. Ndi bwino alire akuona mayi ake akutsanzika. Yachitatu ndi kusasowa. Agogo athu ankadikira kalata miyezi, koma lero pali foni ndi WhatsApp. Johannesburg ili ndi nthawi yofanana ndi yathu, ndipo London imatsalira ndi ola limodzi kapena awiri okha. Mphindi zisanu tsiku lililonse pa nthawi yomweyomweyo, kanyimbo komweko, nkhope yomweyo, zimaposa katundu wa pa Khirisimasi. Pakhalenso tsiku lenileni lodzakumana, lodziwika kwa onse.

Amene watenga mwana nayenso ali ndi ngongole. Asamudule ku mizu yake. Ena amaopa kuti kuyankhula Chichewa kunyumba kudzasokoneza Chingerezi cha mwana, koma zinenero ziwiri sizichedwetsa mwana kuyankhula. Chingerezi adzachipeza kusukulu ndi pa wailesi ya kanema, koma Chichewa akapanda kuchimva kwa makolo sadzachimva kwina. N'zomvetsa chisoni agogo ndi mdzukulu kumangosekererana pafoni osamvana. Mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo yathu idavomereza unzika wa mayiko awiri, choncho pa mapepala khomo n'lotsekuka. Koma chinenero ndicho chimene chidzamuchititse kumva kuti wafika kwawo.

Gawo lathu ife otsala

Mutu umodzi susenza denga, ndipo nkhaniyi si ya mayi mmodzi uja wa pa Wenela. M'magulu mwathu muli agogo amene akulera adzukulu a ana awo amene ali kunja. Tiwayendere, osati pongofuna kumva kuti kwabwera zingati. Tiwathandize kupita kusikelo, kuwerenga buku la katemera, ndi kugwiritsa ntchito foni kuti mwana aone nkhope ya mayi wake. Tikaona kuti mwana wasiya kudya, wayambanso kukodzera pogona, kapena wangokhala chete modabwitsa, tisati wazolowera. Tisamalenso pakamwa pathu. Mawu oti "amayi ako adakuthawa", ngakhale onenedwa mwanthabwala, mwana amawasunga. Ndipo mtsikana akabwera kudzatifunsa nzeru asananyamuke, timuthandize kuganiza mofatsa za mapepala, za womusamalira mwana, ndi za nthawi imene adzakhale kutali, m'malo momuopseza kapena kumukankha chifukwa choti ifenso tikuyembekeza kudya nawo.

Pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane izi m'magulu. M'dera lathu muli ana angati osakwana zaka 5 amene mayi kapena bambo wawo ali kunja, ndipo akuwasamala ndi ndani kwenikweni? Ngati mwana wathu wamkazi atatipempha lero kuti timusungire mwana wa chaka chimodzi ndi theka, tingamuuze zoona za mphamvu zathu? Ndipo ndi agogo ati amene tingayambe kuwayendera mwezi uno?